Dothi Lotsekemera la Kumathiriro

Mkazi wanga akakhala ndi pakati ankadya dothi. Si zachilendo zimenezi. Amayi ambiri amadya, ndipo pamsika wa ku Namwera, kufupi ndi sukulu imene ndimaphunzitsa, limagulitsidwa m'timapepala pambali pa mchere ndi soda. Koma iye la pamsika sankalifuna. Ankati limanunkha utsi, ndiponso lili ndi mchenga wokukuta m'mano. Ankafuna la kwawo kunyanja, limene amayi ake ankakumba okha, n'kuliumba timibulu, kuliyanika, kenako kuliwotcha pa phale.

Kwawoko ndi mudzi wa asodzi, kupitirira Malindi pang'ono. Pakatha masabata awiri, Loweruka m'mawa, ndinkatsika phiri pa njinga yamoto kukatenga usipa wouma ndi dothilo. Apongozi ankaliika m'chitini chimene kale munali mkaka wa ufa. Sankandipatsa pamanja. Mwambo sulola kuti mkamwini ndi apongozi aakazi aziyang'anizana, choncho chitini chinkadzera kwa alamu anga, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene ankandipatsa uku akundinena kuti ndine mphunzitsi woyamba m'boma lonse la Mangochi kugwira ganyu yonyamula matope.

Tsiku lina masana ndinali pakhonde kuchonga makope a ana a Folomu 3. Mkazi wanga anakhala pambali panga, miyendo atatambasula, akuswa kambulu ndi mano. Ndinamuseka monga ndinkachitira nthawi zonse, kuti tsiku lina adzamera chimanga m'mimba.

"Talawani kaye, aphunzitsi, mwina mungasiye matama," anatero.

Ndinagunditsa lilime. Dothilo linali losalala ngati ufa woyera, ndipo chakumapeto kwake linkatsekemera pang'ono, kutsekemera kwapatalipatali. Ndinamuuza zimenezo. Anati n'chifukwa chake la pamsika salifuna: la kwawo lili ndi shuga wake. Ndinapukuta pakamwa n'kubwerera ku makope. Phunziro limene ndimaphunzitsa ndi sayansi.

Pa mimba yoyamba anabadwa mwana wamkazi, wochepa thupi koma wamoyo bwino. Mimba yachiwiri inabwera mwanayo akuyandikira zaka zitatu. Iyi inali yovuta. Mutu unkamuwawa, mapazi ankatupa mpaka patapata sankalowa, ndipo kusikelo anati magazi akuthamanga kwambiri. Anamupatsa mapiritsi, ankamwa mosadumphitsa. Dothi sanasiye, inenso sindinasiye kukatenga. Mwezi wachisanu ndi chitatu, m'mawa wina akusesa pabwalo, anagwa n'kuyamba kuphupha. Anamwalira m'chipatala tsiku lotsatira, pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba. Za masiku awiriwo ndilekera pomwepa.

Tinakamuika kwawo, mwa Chisilamu. Ine ndine Mkhristu wa ku Dedza, ndipo ukwati wathu anthu ambiri sankaufuna. Amene anaulola anali amalume ake, mchimwene wa apongozi, mwini mbumba pa banjalo. Tsiku la maliro ndi iwo amene anandigwira pamkono n'kundiimika kutsogolo kumanda, pamene ine ndinkadzibisa kumbuyo kwa anthu, osadziwa poima. Mwana wathu wamkazi uja anatsala ndi agogo ake. Palibe anandifunsa, ndipo sindinatsutse. Kwathunso mwana ndi wa kuchikazi. Komanso ndikakhala m'kalasi akanamuyang'anira ndani?

Patapita masiku makumi anayi panali sadaka, mwambo wokumbukira malemu. Ndinagona komweko. M'mawa mwake nditadzuka mwana sindinamuone, ndipo alamu anati wapita ndi agogo ake kumathiriro. Ndinafunsa njira. Zaka zonsezo ndinali ndisanapiteko.

Kuseri kwa mudzi kuli kamtsinje kamene kamayenda nthawi ya mvula yokha. Pamene kamathirira m'nyanja pali bango, ndipo madzi amafikapo atafooka. Zaka za mvula yambiri nyanja imakwera n'kumiza malo onsewo, ikabwerera imasiya matope otuwa, osalala, ong'aluka ngati chidendene. Pamenepo ndinapeza amayi atatu akukumba ndi makasu. Mmodzi wa iwo anali apongozi, ankadzaza ndowa. Mwana wanga anali atakhala m'dzenje limodzi, akusewera yekha, milomo yake ili mbuu.

Ndinakweza maso kuyang'ana kumtunda kwa kamtsinjeko. Pamtunda woti munthu akhoza kuponya mwala, pali mkuyu waukulu. Ndinauzindikira. Ndi pamene amalume amagwirira ntchito yawo.

Ntchitoyo ndinkaidziwa bwino, anandionetsapo okha monyadira. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi magetsi oyendera mabatire a galimoto. Batire ikafa amaipititsa kwa amalume. Iwo amaiswa ndi chikwanje, madzi ake a asidi n'kuthira pansi, kenako amatulutsa zisa zotuwa za m'kati n'kuzisungunula mumphika wakale. Chitsulo chofewa ndi cholemera chimene chimatuluka, mtovu, amachithira m'timaenje ta mumchenga, chikauma n'kukhala timiyala tolemetsa maukonde. Ndinkafika pamkuyupo kudzera kumudzi, n'kukhala pa benchi, n'kumacheza nawo. Ndinali ndisanauonepo kuchokera kumadzi. Kuchokera kumeneku ndinaona gombe la kamtsinje litadzaza zigoba zakuda za mabatire, zina zitakwiririka theka, ndi zidutswa za zisa zija zitachita nkhungu yoyera. Pamene pankadzera madzi a mvula pankaoneka bwinobwino, kuchokera patsinde pa mkuyu mpaka pamene mwana wanga anakhala.

Ku koleji tinaphunzirapo zimenezi, ndipo mayeso ake ndinakhoza. Anatiuza kuti zitsulo zolemera monga mtovu sizipita ndi madzi. Zimamatirira ku matope osalala kwambiri, n'kukhazikika pamene madzi afooka, pamathiriro a mitsinje ndi m'magombe a bata, ndipo zimakhala pamenepo zaka ndi zaka madzi a pamwamba ali mbee. Anatiuzanso, ngati nkhani yongoseketsa kalasi, kuti mtovu ukasungunuka mu zinthu zina umatsekemera, n'chifukwa chake ana amanyambita utoto wakale.

Ndinatsikira m'dzenjemo, n'kunyamula mwana, n'kumupukuta pakamwa ndi malaya anga. Ndiyenera kuti ndinapukuta mwamphamvu, chifukwa analira. Apongozi anayang'ana kumbali, n'kulankhula ndi mwanayo monga amachitira akafuna kuti ndimve ine. Anamuuza kuti awauze bambo ake kuti kadothi pang'ono sikanaphepo munthu, mayi ake anakulira pomwepa. Amayi awiri aja anaseka. Ndinafunsa mmodzi wa iwo kuti ndowa zonsezo n'zodya. Anati ayi, lodya amasankha losalala la pansi, lotsalalo n'lozirira m'nyumba ndi m'makonde.

Ndinatola chibuma chimodzi n'kuika m'thumba la buluku.

Ndili ndi mnzanga amene tinali chipinda chimodzi ku koleji, pano amagwira ntchito yoyeza nthaka ndi madzi mumzinda. Ndinamutumizira chibumacho pa basi, osamuuza zambiri. Anati ndidikire, makina ali ndi mzere.

Masabata amenewo ndinkaphunzitsa ngati munthu wobwereka. Pa nthawi yopuma ndinkakhala ndekha m'chipinda chosungira zipangizo, n'kumawerenga pa foni zimene mtovu umachita m'thupi la mwana. Loweruka lililonse ndinkatsikira kunyanja kukamuyang'ana mwana wanga, ndipo kunali kumuyang'anadi, monga ndimayang'anira mwana amene ndikumukayikira kuti akubera mayeso. Mawu ake anali ochepa. Ana anzake a msinkhu womwewo ankatukwanizana kale m'zilankhulo ziwiri, iye ankangoloza ndi chala. Alamu anati nthawi zina amadandaula m'mimba, ndiponso sachedwa kupsa mtima. Zonse zinkagwirizana ndi zimene ndinawerenga. Koma mwana amene mayi ake angomwalira amakhalanso chete, amadwalanso m'mimba, amapsanso mtima. Ndinkamutsegula pakamwa kuyang'ana nkhama zake, osadziwa n'komwe kuti nkhama zabwino za mwana zimaoneka bwanji.

Ndinayamba kubwera ndi zinthu. Ndinabweretsa mkeka woti azikhalapo, nsapato zapulasitiki, sopo. Ndikafika ndinkamusambitsa m'manja kanayi kapena kasanu. Mkekawo ndinadzaupeza atayanikapo ufa. Alamu anandifunsa ngati ndikufuna kuti mwanayo azilendewera kudenga ngati mleme, popeza pansi paliponse pandinyansa. Ndinaseka nawo. Kunena chifukwa chake sindikanatha. Dothi limene ndinkaliopa analiwotcha ndi manja awo ndi mayi amene anali atangoika mwana wawo m'manda.

Mnzanga uja anaimba Lachitatu, belu la nthawi yopuma litangolira. Anayamba ndi kundifunsa kumene ndinatenga dothilo, ngati ndi pamalo okonzera magalimoto. Anati mtovu ulimo, wambiri, ndipo anatchula manambala amene sindiwalemba pano. Anafunsa ngati pali anthu amene amalima ndiwo pamalopo. Ndinamuuza kuti salimapo, amadya dothi lenilenilo.

Ndinamufunsa ngati mtovu ungakweze kuthamanga kwa magazi kwa mayi woyembekezera. Apa m'pamene anamvetsa. Anayankha mosamala kuti inde ungathe, koma amayi ambiri amene sanalawepo dothi amamwaliranso ndi matenda omwewo, ndipo palibe munthu amene angandiuze tsopano chimene chinachitika. Anati za malemu ndizisiye. Wamoyoyo ndimuchotseko msanga, ndipo ndikamuyezetse magazi.

Poyamba ndinayesa bodza. Ndinapita kwa amalume, popeza nkhani ya mwana imadzera kwa iwo, n'kuwapeza akusoka ukonde kuseri kwa nyumba yawo. Ndinati kufupi ndi kumene ndimakhala ku Namwera atsegula sukulu ya mkaka yabwino, ndipo ndikufuna mwana akayambe msanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, singano ili pakamwa. Kenako anandifunsa ngati ku Dedza ndinaonako tambala akuyenda ndi anapiye. Anati mwana wosadziwa kudzipukuta mamina sukulu akaitani, ndipo adzamusambitsa ndani, ahedi? Anandilangiza kuti ndilire kaye, ndikatha ndikwatire, ndipo mwana akadzafika Sitandade 1 tidzakhale pansi. Sananene mwaukali. Anandipatsanso utaka wowamba woti ndikadye kunyumba.

Sabata yotsatira ndinawapeza pamkuyu. Mphika unali pamoto, utsi wake woyera ukukwera, ndipo ndinazindikira kuti ndaima kumene mphepo ikuchokera, chinthu chimene kale sindinkachiganizira. Ndinawauza zonse: za chibuma chija, za mnzanga, za njira ya madzi kuchokera pamene tinaima mpaka kumathiriro. Ndinalankhula pang'onopang'ono ngati m'kalasi.

Poyamba anaseka. Anati ntchito imeneyi anaiyamba ndisanabadwe, ndipo ndiwayang'ane bwino, afa? Anadzimenya pachifuwa. Ndinawayang'anadi. Dzanja limene linagwira chipande linkanjenjemera, ndipo pothira ankachirikiza mkono ndi dzanja linalo. Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti amalume amavutika ndi m'mimba, ankati ndi zilonda. Sindinatchule zimenezo.

Kenako kuseka kunatha. Anaphula mphika n'kuukhazika pamchenga.

"Ndiye mukuti mwana wa mlongo wanga ndinamupha ndine?"

"Sindinatero, amalume."

"Simunatero. Koma mawu amenewa akatuluka pamkuyu pano, akafika padoko atavala malaya ena. Kuno munthu akati uje anadya chakuti n'kufa, ndipo chakuticho chinachokera kwa uje, tanthauzo lake ndi limodzi. Inu mudzakwera njinga yanu kubwerera kuphiri. Ine ndidzatsala."

Ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa. Anati ntchito akhoza kuisamutsira kumtunda, kutali ndi kamtsinje, ngati zimenezo zingandikhazike mtima pansi. Ndinati zingathandize, koma zimene zili kale m'matope sizisamuka, ndipo matopewo ali m'khonde la nyumba imene mwana amagona. Kenako anati mwana sangandipatse popanda chifukwa chomveka kwa mlongo wawo, ndipo chifukwa chimenechi mlongo wawo asachimve.

"Analiwotcha yekha dothi limenelo. Ankasankha losalala, ankati la mwana wanga. Panopa sadya, mwamuona mmene wathera. Mukamuuza, konzekani kudzaimanso kumanda kuja."

Ndinabwerera kuphiri ndekha. Sabata imeneyo ndinaganiza njira zambiri, zina zochititsa manyazi. Ndinaganiza zongomutenga mwanayo ngati tikupita kukagula mandasi, n'kusabwereranso. Ndinaganiza zopita kuofesi yoona za ana kuboma, koma ndinadziwa kuti kumeneko ndikayenera kunena zonse pamaso pa alendo, apongozi atakhala pa benchi. Ndinaganizanso zongodikira mpaka Sitandade 1, monga ananenera amalume. Ndinawerenga zaka zotsala: pafupifupi zitatu. Zimene ndinawerenga pa foni zinkati zaka zimenezo ndi zimene ubongo wa mwana umamangika, ndipo chimene chawonongeka pamenepo sichibwerera.

Loweruka linalo kunali kotentha kwambiri, nyengo ya mango. Nditafika ndinapeza khonde la apongozi atalizira kumene. Linali lokongola, lotuwa, losalala, m'mphepete atalembamo mizere ndi chala. Mwana wanga anakhala pakati pake akudya bango. Madzi ake ankatsikira m'zigongono. Ndikuimika njinga, bangolo linamupulumuka n'kugubuduka pakhondepo. Analitola, lonse litamata fumbi, n'kulibwezera kukamwa.

Sindinamulande. Ndinangodutsa, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Apongozi anali pa thandala, akutembenuza usipa umene anayanika. Atamva mapazi anga anafuna kupatuka monga mwa masiku onse. Ndinapita kutsogolo kwawo n'kukhala pansi, pamchenga wotentha, n'kuwayang'ana kumaso. Chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanachitepo zimenezo. Anakoka mpango kuphimba pakamwa, koma sanachoke.

Ndinayambira pa ine. Ndinati chitini chija amene ankachinyamula ndine, mimba zonse ziwiri. Ndinati ndinalawapo dothilo, ndinamva kutsekemera, ndipo pa anthu onse a m'banjamo amene anaphunzitsidwa tanthauzo la kutsekemerako ndine ndekha, koma sindinafunse kumene limakumbidwa. Kenako ndinanena za mkuyu, za madzi a mvula, za mnzanga wa mumzinda. Dzina la amalume sindinalitchule, ngakhale panalibe chobisika. Ndinamaliza ndi khonde.

Anandisiya mpaka ndinatha mawu. Ntchentche zinkatera pa usipa, iwo osaziingitsa. Apongozi amalankhula Chiyao, Chichewa amachisungira alendo, ndipo anandifunsa m'Chichewa chawo chapang'onopang'ono.

"Ndi limene linamutenga?"

"Sindikudziwa, amayi. Palibe amene angadziwe."

"Inu ophunzira mukati simukudziwa, mumakhala mukudziwa theka."

"Theka limene ndikudziwa ndi la mwanayu. Akakhala pano, chitsulocho chimamulowa tsiku lililonse."

Anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba. Kenako anatembenuka n'kulowa m'nyumba kudzera khomo lakuseri. Ndinatsala pamchengapo. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinamva alamu akufunsa kanthu, kenako mawu a apongozi, aafupi, kenako alamu akulira. Ndinamva madzi akuthiridwa m'beseni. Ndinkaganiza za mawu a amalume, oti ndidzaimanso kumanda, ndipo ndinkamvetsera phokoso lililonse lochokera m'nyumbamo ndi mantha amene sindinawamvepo ngakhale m'chipatala muja.

Apongozi anatuluka atanyamula mwana, atamusambitsa, atamudzoza mafuta, atamuveka diresi la pa Idi ndi nsapato zapulasitiki zija. Alamu ankabwera pambuyo ndi kamtolo ka zovala. Apongozi anandiuza kuti ndiwerame. Anamuika mwanayo kumsana kwanga, n'kumukulunga ndi chitenje chawo, n'kumanga mfundo pachifuwa panga, kawiri, mwamphamvu. Akumanga choncho, maso ali pa mfundoyo, anafunsa ngati ndikukamuyezetsa magazi. Ndinavomera.

"Akapanda kupeza kanthu, mudzandiuze. Akapeza, musadzandiuze."

Amalume sanabwere kudzatsanzika. Podutsa padoko, asodzi amene ankakonza maukonde pamthunzi anaona mwamuna atabereka mwana pa njinga yamoto, ndipo mmodzi anakuwa kuti aphunzitsi, bere musaiwale kugula pa Malindi. Anzake anaseka. Ndinakweza dzanja. Mwanayo anagona tisanafike pamphambano yokwerera kuphiri, mutu wake ukugunda pamsana panga pa bampu iliyonse.

Kunyumba, akazi a mphunzitsi mnzanga woyandikana naye nyumba anavomera kumamusunga ndikakhala m'kalasi. Masiku oyamba ankalira kufuna agogo ake, ndipo ankakana chakudya changa, koma pamenepo sindimuimba mlandu. Kawiri ndinamupeza akukanda khoma la bafa ndi chikhadabo n'kumanyambita. Ndinamukalipira koyamba. Kachiwiri ndinangomunyamula.

Pachipatala chapafupi anandiuza kuti magazi oterewa sayeza, ndipite mumzinda. Tinapita sukulu itatsekera. Anamutenga magazi pamkono, ndipo sanalire, anangoyang'anitsitsa botolo likudzaza. Zotsatira zinatuluka patapita masabata atatu. Dokotala anali mayi wachikulire wosathamanga polankhula. Anati mtovu ulimo, woposa umene uyenera kupezeka mwa mwana, koma sunafike poti n'kumugoneka. Anati mankhwala aakulu ndawapereka kale pomuchotsa pamalopo. Anandiuza zoti ndizimudyetsa, mazira, nyemba, masamba, usipa womwewo, ndipo anati tidzabwerenso kudzayeza. Ndinamufunsa ngati zimene zalowa kale zamuwononga mutu. Anati zimenezo sizioneka m'botolo. Zidzaoneka akadzayamba sukulu, mwinanso sizidzaoneka n'komwe.

Ndiye ndimadikira. Ntchito yanga ndi yoona ana amene amamva msanga ndi amene amavutika, ndipo pano mwana aliyense wokhala kumbuyo kwa kalasi, woyang'ana bolodi ngati lalembedwa m'chilankhulo china, ndimamuona mosiyana ndi kale. Wangayu mawu akuwonjezeka. Amadziwa mbuzi, njinga, sopo, ndiponso mawu ena achiyao amene ine sindiwamva. Tsiku limene wanena chiganizo chathunthu ndimapuma bwino. Tsiku limene wangoloza ndi chala, chakudya sichitsika.

Alamu ankaimba foni kufunsa za mwana. Ndinkawauza kuti akudya, wanenepa, wasiya kulira. Za magazi sankafunsa, ine sindinkanena. Ndi iwo amene anandiuza kuti amalume anasamutsa mphika wawo kupita kumtunda kuseri kwa manda, ndiponso kuti apongozi anayenda khomo ndi khomo kuuza amayi kuti kumathiriro asakumbenso. Sanatchule munthu, anangoti dothilo ladwala. Ena anamvera. Ena amapitabe m'mamawa, amati nkhani za aphunzitsi n'za m'mabuku.

Tinapita kwa apongozi mvula itatha, ine ndi mwana. Ndinkaopa ulendowo kuposa wa mumzinda. Njira yonse ndinkakonza zoti ndikanene ngati atandifunsa, ndipo ndinkadziwa kuti kusanena kanthu n'kuyankha kale.

Khonde analipala lonse mpaka pa njerwa, n'kuzira ndi dothi lofiira limene alamu anati mayi awo anakalitenga kuphiri pamutu, maulendo ambiri. Apongozi anali atachepa thupi, koma anali pa mapazi awo. Anatuluka njinga isanazime. Mwanayo anawatambasulira manja, iwo anamulandira ndisanamutsitse, n'kumuponya kumsana.

Anakhala chakumbali, monga kale, nkhope atalozetsa kwina. Kudzera kwa alamu anafunsa ngati ku Namwera mvula inagwa bwino, ngati chimanga chacha, ngati amayi anga ku Dedza ali bwino. Ndinayankha zonse, chimodzichimodzi. Anadikira pang'ono pambuyo pa yankho lomaliza. Inenso ndinadikira. Kenako anadzuka kukapitiriza ntchito zawo.

Tsiku lonselo mwanayo anali kumsana. Ndi mwana wamkulu tsopano, wolemera, ndipo ankafuna kutsika kuti akasewere ndi anzake. Ankapalapata, ankawakoka mpango. Apongozi anatunga madzi ali naye, anatembenuza usipa ali naye, anamudyetsa atamukhazika pamiyendo. Nthawi yopemphera masana anamupatsira alamu m'manja, atatha anamutenganso. Dzuwa lisanapendeke kwambiri ndinati tizipita, msewu wa kuphiri ndi woipa. Anabwera mpaka pa njinga, anamumasula, n'kumukhazika pa mpando, mapazi ake osagunda pansi.